ZA MASIPIKA A M'ZITSEKO, MUSANATHAMANGIRE WUFA

Anyamata anzanga a kunyanja, ndabweranso. Lero si za mtengo wa usipa, si za mafuta. Lero ndi za phokoso la m'magalimoto athu. Amene mulibe galimoto musathawe, werengani ndithu, nanga si ndinu amene mumakwera n'kutsika mutu ukuwawa.

Sabata yatha pa siteji ya Monkey Bay mnzathu wina anatiitana kuti tikamve zida zake zatsopano. Anatsegula buti ya Sienta. M'menemo muli chibokosi ngati chosungira nsomba pa ayezi, wufa yake ngati chivundikiro cha ndowa, mawaya ofiira ali piringupiringu. Anakweza voliyumu. Nambala puleti inayamba kunjenjemera, ana anasonkhana, aliyense akuti "eee aise, wapha!" Ine ndinazungulira n'kukakhala pampando wa dalaivala, pamene mwini wake amakhala tsiku lonse. Abale, kutsogoloko kunalibe nyimbo. Kumbuyo kukugunda dii dii dii, koma woimbayo akumveka ngati amutsekera m'chigubu. Sipika ya chitseko cha kumanja ikungoti phwerere ngati pepala lomangirira pa sipoko ya njinga, ya kumanzere ndiye inafa kalekale. Ndalama zonse zapita kumbuyo, ndipo mipando iwiri ya mzere womaliza, yomwe imabweretsa ndalama, yapindidwa kuti bokosi likwane.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena mundinena. Ngati ndalama yanu ikukwana chinthu chimodzi chokha, gulani masipika awiri abwino a zitseko zakutsogolo, muwamange bwino. Wufa idikire. Pa mawu oti kumanga bwino ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ine sukulu yake ndinalipira modula.

Ambiri mukudziwa kuti Sienta imene ndimayendetsa si yanga. Madala anagulitsa injini imodzi ya boti ndi chilimira chakale kuti igulidwe, ati pa ana awo pakhale mmodzi wosagona pamadzi. Ndiye galimoto imeneyi ikaima, si ine ndekha amene ndimamva kuwawa. Itafika kuchokera ku Japan masipika ake anali atatopa kale, pepala lake litang'ambika m'mphepete, dzuwa la kuno la mu October linangomalizitsa. Ndinasunga tindalama, ndinapita ku boma ku Mangochi, ndinagula bokosi lolembedwa 600W ndi zilembo zazikulu zofiira. Mnyamata wina wa pamsika anati, "Bwana, mphindi 30 zokha mukhala mukuvina." Ine kusekerera, eti ndapeza katswiri.

Anachitadi changu. Panelo ya chitseko anaikoka ndi mphamvu, timapini ta pulasitiki tikuduka n'kumagwa pansi. Pepala la pulasitiki la m'kati anang'amba n'kuponya m'ngalande, ati izi n'zokutira za ku fakitale basi. Sipika yakale anaigomola ndi tchizulo. Yatsopano anaimanga pachitsulo penipeni ndi masikuluu awiri a matabwa. Mawaya anasenda ndi mano, kupotokola, kukulunga selotepi. Nthawi yonseyi galasi linali lokweza. Palibe anaganiza zolitsitsa, ngakhale ine amene ndinaima pomwepo ndikumwa Fanta.

Pobwerera, cha ku Nkopola, ndinatsitsa galasi. Linatsika, linamveka "gu", n'kuima litatsala zala zitatu. Ndinati zazing'ono izi. Tsiku lililonse "gu", "gu", polandira ndalama, poitana okwera, poyankhula ndi a pamsewu. Chimene chinkachitika n'choti maginito a sipika anali atalowa m'njira ya galasi, ndipo mota inkakankhira galasilo pa maginitowo. Mu December, tsiku lina mvula ikutsika ndili ndi azimayi a geni ndi madengu awo, kachingwe ka makina okweza galasi kanaduka. Galasi linapendekeka n'kukanirira pansi. Mvula yonse ya tsiku limenelo inathera pa ntchafu zanga ndi pa mayi amene anakhala kumbuyo kwanga, ndipo mawu amene anandiuza sindingawalembe pano. Masiku anayi galimoto inagona pansi pa mtengo wa mango kudikira makina a galasi kuchokera kwa ogwetsa magalimoto ku Blantyre. Masiku anayi a December, anthu akuyenda za Khrisimasi, anzanga akudzaza n'kumandiimbira hutala podutsa.

Madala sanakalipe. Anabwera, anasuzumira m'chitseko chosasulacho, analowetsa chala pansi pake n'kutulutsa matope. Anati, "Iwe, chitseko ichi ndi bwato. Madzi amalowa, ndiye umawapatsa njira. Munthu akuchotsa chotchinga iwe uli chiimire, n'kumulipiranso?" Basi, anabwerera kokasoka ukonde.

Madala sadziwa za watt kapena ohm, koma ananena zoona. M'kati mwa chitseko cha galimoto si mouma. Labala wa pa galasi uja satseka madzi onse, ndipo opanga galimoto amadziwa zimenezo. Mvula ikagwa, kapena mukamatsuka galimoto padoko ndi ndowa, madzi amatsetsereka ndi galasi, amalowa m'chitseko, n'kukatulukira pa timabowo ta pansi. Gwadani muone, tilipo. Pepala la pulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda lija ntchito yake ndi kulekanitsa mbali yonyowa ndi mbali youma, kumene kuli panelo ndi maswitchi a magalasi. Mukalitaya, panelo imanyowa, imafufuma, imanunkha, maswitchi amayamba misala. Ndiye limatuleni pang'onopang'ono, phula lake limamatanso mukamabwezera. Likang'ambika dulani pulasitiki yolimba, ngakhale yofolera nyumba ija, mumate bwinobwino. Timabowo ta pansi nato, ndi fumbi la misewu yathu yolowera m'madoko, timatsekeka ndi matope. Tokosani ndi kawaya. Mwa ine munatuluka madzi odzaza kapu.

Tsono dziwani kuti msana wa sipika, kumene kuli maginito, umakhala ku mbali yonyowayo. N'chifukwa chake pogula musamangoyang'ana bokosi. Tsegulani, gwirani. Sipika ya pepala yokhala ndi siponji m'mphepete, kutentha kwa kuno ndi chinyezi cha kunyanja zimaidya msanga. Funani ya pulasitiki yokhala ndi labala m'mphepete. Ndipo chenjerani, mabokosi olembedwa Pioneer, Sony kapena JBL si onse amene ali enieni. Zabodza zina amaziveka chipewa chachikulu cha pulasitiki kumbuyo kuti maginito aoneke ngati chimphona, mukachivula mupeza kanthu ngati bisiketi.

Za 600W zija. Nambala yaikulu ya pa bokosi ndi yokopera maso. Imanena mphamvu imene sipika ingapirire kwa kamphindi kochepa isanapse, ngati n'zoonanso. Nambala yogwira ntchito ndi ya tizilembo tating'ono yolembedwa RMS. Wailesi wamba ya m'galimoto, ngakhale yolembedwa 50W x 4, mphamvu yake yeniyeni imakhala cha m'ma watt 15 mpaka 20 pa sipika iliyonse. Ndiye kugula sipika yolemera yofuna mphamvu zambiri mulibe ampu kuli ngati kumangirira injini ya 15 ku boti lofuna 40. Liyenda, koma mokwawa. Amene mulibe ampu yang'anani nambala ina yolembedwa dB, imene imanena kuti sipikayo imafuula bwanji ikapatsidwa mphamvu yochepa. Kusiyana kwa 3 dB kokha kuli ngati kuwirikiza mphamvu kawiri, ndiye pakati pa ya 87 ndi ya 90, ine ndimatenga ya 90. Komanso chimene chimapha masipika ambiri kuno si kuchuluka kwa mphamvu ayi. Ndi kukweza wailesi mpaka kumapeto, mawu n'kuyamba kusweka, inu n'kumapitirizabe. Mawu akayamba kusweka, koilo ya m'kati ikutentha. Bwezani pang'ono.

Ndisanaiwale, wailesi zambiri zobwera ndi magalimoto a ku Japan zimathera pa 90, pamene mawailesi athu ambiri ali pamwamba pa 90. Limenelo si vuto la sipika, musamunamizire womanga. Pamafunika kachipangizo kowonjezera mabandi kapena kusintha wailesi yonse.

Tibwerere ku chitseko. Pa Toyota zambiri zimene tili nazo kuno, sipika ya ku fakitale simangidwa ndi masikuluu. Ndi maliveti atatu, ndipo sipikayo inaumbidwa pamodzi ndi chimango chake cha pulasitiki chimene chimaitukula kuchoka pachitsulo. Kutukukako n'kumene kumapatsa galasi njira. Mnyamata wanga uja anataya chimangocho, maginito n'kumira m'chitseko. Maliveti amachotsedwa ndi dilu, osati tchizulo, chifukwa tchizulo chimapinda chitsulo. Zotsalira zake zikagwera m'kati zitoleni, apo ayi muzidzamva tcheketcheke mpaka kugulitsa galimoto. Ndiye chimango chakalecho musataye. Dulani pepala lakufalo ndi timiyendo togwira maginito ndi kampeni ka hakiso, mutsale ndi mkombero wokha. Sipika yatsopano ya 16 cm, imene ena amati 6.5, kawirikawiri imakhala bwino pa mkombero womwewo, mabowo ake akugwirizana kale ndi chitseko. Ikakana, pali mikombero ya pulasitiki yogulitsa, kapena dulani ya pulayiwudi muipake penti ya boti mbali zonse ndi m'mphepete momwe. MDF musayerekeze. M'chitseko imafufuma ngati buledi wa mu tiyi, masikuluu n'kumasuka okha.

Musanamange chilichonse, tsitsani galasi mpaka pansi. Lowetsani rula pa bowo la sipika, muyeze kuchokera pachitsulo kukafika pa galasi. Yezaninso sipika yanu kuchokera pa mkombero kukafika kumsana kwa maginito. Pakati pake patsale malo olowa chala. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi ikanandipulumutsira masiku anayi aja.

Chimene ambiri sakhulupirira mpaka ataona ndi ichi: besi imene mukuifuna mu wufa, mbali yake ili kale m'chitseko, mukungoitaya. Yesani nokha. Lumikizani sipika muigwire m'manja, muimbe nyimbo ya reggae. Mumva mawu owonda, opanda thupi. Tsopano boolani chivundikiro cha ndowa, muikhazike pamenepo, mutseke ndowayo. Besi yabwera. Chifukwa chake n'choti sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imakhala ikukoka. Mpweya wa mbali ziwirizi ukakumana, umafafanizana, ndipo woyamba kufa ndi besi. Chitseko ndiye ndowa yanu. Mukamanga ndi masikuluu awiri, m'mbali muli mipata yolowa chala, mpweya ukungozungulira, besi yapita. Ikani masikuluu onse. Pakati pa mkombero ndi chitsulo yalani siponji yomata kapena labala wa chubu cha njinga. Ife ana a asodzi kumata mipata ndi ntchito imene tinaphunzira tisanadziwe kulemba dzina, ndiye tisachite manyazi pa chitseko.

Kenako mawaya. Sipika ili ndi + ndi -, ndipo zitseko ziwiri ziyenera kugwirizana. Mukatembenuza mbali imodzi palibe chimapsa, nyimbo imamveka ndithu, koma sipika ina ikukankha pamene inzake ikukoka, ngati alovi awiri opalasa mosemphana m'bwato limodzi. Besi imasowa, woimba sudziwa ali pati. Poyesa tengani batire la tochi la 1.5V, mugunditse mawaya a sipika kamphindi. Ikatumphira kunja, waya amene ali ku mutu wa batire ndiye +. Mukamaliza kumanga pitani pa BAL mu wailesi, mupititse mawu onse mbali imodzi. Besi ikamamveka yambiri pa sipika imodzi kuposa pamene zonse ziwiri zikuimba, dziwani kuti mbali ina mwatembenuza. Ndakwera magalimoto ambiri pa msewu wa Mangochi amene vuto lake ndi lomweli, eni ake akusunga ndalama ya wufa.

China chimene chimapha mawailesi: waya wa - wa sipika si wa bodi. Pa nyali ndi hutala inde, bodi ya galimoto ndi negetivu. Koma pa wailesi za masiku ano mawaya onse awiri a sipika ali ndi moto wake, ndipo limodzi likakhudza chitsulo cha chitseko mukhoza kuwotcha IC ya wailesi. N'chifukwa chake selotepi ndimadana nayo. Ikatenthedwa imamatuka, chitseko chimamenyedwa kambirimbiri patsiku, waya n'kuvula. Wotchererani ndi mtovu kapena finyani ndi timakonekita, muvale tepi yeniyeni ya magetsi, mumangirire waya kutali ndi njira ya galasi. Ndipo musaunjike masipika awiri pa waya mmodzi. Wailesi inapangidwira 4 ohm, awiri a 4 ohm mukawalumikiza pamodzi mutu ndi mutu amatsika kufika pa 2, wailesi n'kumatentha ngati mbaula. Musanagwire waya aliyense chotsani kaye negetivu ya batire.

Ndikudziwa zimene muyankhe pa gulu. Muti okwera amakonda besi, galimoto yogunda imadzaza msanga. Mwina pa Loweruka madzulo, ana a sukulu akamapita ku Cape Maclear. Koma tawerengani amene amatidyetsa Lolemba mpaka Lachisanu. Ndi mayi wa geni amene akufuna malo a dengu lake, ndipo ali pa foni kukambirana mtengo ndi wogula wa ku Limbe. Ndi agogo opita ku chipatala. Ndi mphunzitsi wokatenga malipiro ku boma. Anthu amenewa wufa ili pamsana pawo penipeni, inu kutsogolo mukukwezabe chifukwa mawu a woimba sakukufikani. Masipika a kutsogolo akakhala abwino simufunanso kukweza, mumamva zonse pa voliyumu yochepa, ndipo wa kumbuyo akati "nditsika pa mjigo" mumamva kamodzi.

Palinso za moyo. Dalaivala amayendetsa ndi makutu omwe. Beringi ikayamba kulira, bolojointi ikayamba kugogoda, wa kabaza akaimba belu pa kona, muyenera kumva. Ndi chibokosi chogunda kumbuyo zonsezi mumazidziwa zitachitika kale. Ndipo mawaya ofiira a ampu amene ndimawaona akuchoka pa batire opanda fyuzi, akudutsa pansi pa kapeti pamene okwera amapondaponda ndi mapazi onyowa, amenewo ndi moto ukudikira tsiku lake. Amene muli nawo kale, ikani fyuzi pafupi ndi batire lero lomwe, za masipika tikambirana mawa.

Sindikuti wufa ndi tchimo. Pa ukwati, pa phwando la kugombe, nanenso ndimavina. Sipika ya chitseko singagwedeze chifuwa ngati wufa, pamenepo sindinama. Ndikungoti wufa ndi ndiwo yowonjezera, imabwera zitseko zitakhala kale bwino. Ikadzabwera, pali zing'onozing'ono zolowa pansi pa mpando zosadya malo a katundu, ndipo ngati wailesi yanu ili ndi HPF muiike cha pa 80 kuti besi yakuya izipita ku wufa, zitseko zipume.

Ndiponso mnyamata wa pamsika uja sindimuda kwambiri masiku ano. Ife tomwe ndi amene timawaphunzitsa changu. Timafika injini ili chilirire, okwera ali m'kati, tikufuna ntchito ya maola atatu ithe pa mphindi 30, mtengo n'kunenerera mpaka wa Fanta. Alipo anyamata odziwa ntchito, ndawaona. Mumudziwa poona mmene akuchotsera panelo: amayamba wafufuza masikuluu obisika pa chogwirira ndi potsegulira, amatukula timapini kamodzikamodzi, ndipo amakufunsani yekha kuti mutsitse galasi. Woteroyo mupatseni nthawi ndi ndalama yake yonse. Inuyo imani pomwepo, musapite kokadya chipisi. Asanabwezere panelo, galasi likwere ndi kutsika katatu, loko ayesedwe, muthire kapu ya madzi pa galasi muone ngati akutulukira pansi osadontha pa sipika.

Ine zanga ndinamanganso ndekha Lamlungu lina, ndi dilu yobwereka kwa akalipentala a maboti. Masipika omwe aja a 600W, amene pa tizilembo tating'ono analembapo 40 RMS. Mikombero ndinadula ya pulayiwudi chifukwa zimango zakale zinapita ndi ngalande, penti ndinapempha yotsala ya boti la madala, ndiye m'kati mwa zitseko zanga ndi mobiriwira ngati Chauta akudalitseni ya padoko. Zinanditengera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, timapini tatsopano ndinachita kuitanitsa. Nditayatsa sindinakhulupirire kuti ndi masipika omwe aja.

Madala ndinawatenga Lachiwiri lotsatira kupita nawo ku boma kokagula ulusi wa ukonde. Anakhala kutsogolo, chipewa pa bondo. Anati nditsegule nkhani, amve za mphepo ngati kukubwera mwera. Anamvetsera mpaka kumapeto osandiuza kuti ndikweze, pamene kale ankachita kuweramira ku chitseko. Titafika pa Nkopola anatsitsa galasi lawo mpaka pansi, analikweza, analitsitsanso, osayankhula kanthu.

Loweruka masana ndikhala pa siteji, batire la tochi ndi rula zili mu dashibodi. Amene mukukayikira zitseko zanu bwerani tiyese, sindilipiritsa. Aise wa chibokosi uja, iwenso ubwere, tiyambire sipika yako ya kumanzere ija. Tumizani kwa ena.